Ambulansi Yathu ndi Phungu wa ku Mangalande

Mimba yanga itakwana miyezi isanu ndi itatu, anamwino a Margaret sanandibisire mawu. Atandiyeza anandiuza kuti ndikamange katundu, ndikadikirire ku chipatala chachikulu cha pa boma.

"Amake Wezzie, mwana wanu woyamba anabadwa pa opaleshoni," anatero. "Chipsera chili pamimba panucho chikhoza kung'ambika matenda akayamba. Inu si munthu woti zikuyambireni kunyumba ayi. Ndiponso za ambulansi mwamva kale."

Ndinali nditamva, nanga ndani sanamve? Ine ndine Yunike. Timakhala kumtunda kwa Ngara, m'boma la Karonga, kutsidya kwa kamtsinje kamene m'chilimwe ana amangokalumpha, koma mvula ikagwa kumapiri kamatenga ngakhale ng'ombe. Kachipatala kathu n'ka bungwe lina limene limalandira thandizo kuchokera ku boma la ku Mangalande. Opaleshoni sachita, koma kanali ndi ambulansi yamphamvu yosaopa matope, ndipo amayi tonse a kuno tinkadalira imeneyo. Tsopano kunamveka kuti aphungu a ku Mangalandeko akufuna kuvota zochepetsa thandizo lopita kumayiko ena. A bungwe anali atanena kale kuti zimenezi zikadutsa, choyamba kuima ndi ambulansi, poti ndiyo imadya kwambiri.

Nditafika kunyumba ndinapeza amuna anga, a Manase, akusoka thumba la mpunga pakhonde. Iwowa ndi wapampando wa komiti ya kachipatalako. Ndinawafotokozera zonse ndisanakhale n'komwe pansi.

"Yayi, anyina Wezzie," anatero m'Chitumbuka chathu, osadzutsa mutu. "Kulibe kumene mukupita. Ambulansi siima. Achimwene a Mwiza anandilonjeza ndi pakamwa pawo."

Achimwene a Mwiza amenewa ndi mzungu, phungu wa ku Nyumba ya Malamulo ya ku Mangalande. Zaka zingapo zapitazo anabwera kudzaona kachipatala kathu. Anali munthu wosanyada, izo sindingakane. Anakhala pamphasa pathu, anadya mbalagha ya nthochi ndi nyama ya ng'ombe ndi manja, anavina mapenenga mpaka amayi kugwa ndi kuseka. Dzina lawo lenileni linkatipinda lilime, choncho apongozi anga aamuna anaimirira pagulu n'kuwapatsa dzina lakuti Mwiza, kutanthauza kuti mwafika. Kuyambira tsiku limenelo a Manase amawatchula achimwene.

Mwina a kwina simungamvetse kulemera kwa zimenezi. Kuno munthu amene mwamupatsa dzina ndi m'bale wanu. Ukamukayikira poyera, ndiye kuti watukwana amene anamupatsa dzinalo. Tsono apongozi angawo anatisiya chaka chatha, ndiye mawu awo analemera kuposa pamene anali moyo.

"Awiske Wezzie," ndinatero, "a Mwiza ali ku Mangalande. Chipsera chili pa ine."

"Ndiye mukufuna anthu anene chiyani? Ine ndakhala ndikuuza mudzi wonse kuti asade nkhawa. Mawa aone mkazi wa wapampando ali ndi mtolo pamutu, woyamba kuthawa? Adzati mwana wakana m'bale amene bambo ake anamulandira. Matenda akayamba ambulansi idzakutengani ngati mmene inachitira pa Wezzie."

Kenaka anatulutsa foni. Ndinadziwiratu. Mufonimo muli kanema amene a Mwiza anawatumizira, woonetsa iwo ataimirira m'Nyumba ya Malamulo, pakati pa mipando yobiriwira, akulankhula za thandizo la mayiko osauka. Penapake amatchula Karonga, amatchulanso amayi oyembekezera ndi kamtsinje kathu. Kanema ameneyu a Manase anaonetsa kutchalitchi, kudimba, kumaliro, mpaka kwa ogula usipa pa Ngara. Ine ndinali nditamuloweza ngakhale Chingerezi changa n'chakusitandade sikisi.

"Mwamva? Karonga! Pakamwa pa phungu, pamaso pa nduna!"

Ndinapsa mtima. "Kanema ameneyo adzandinyamula kupita kuchipatala?"

Anabwerera ku thumba lawo.

Masiku otsatira anali owawa, abale inu. Mvula inali itayamba kugwa ya tsiku ndi tsiku. Ndikapita kukatunga madzi maso anga ankangopita kukamtsinje kaja kuona pafika madzi. Mwana akagunda m'mimba ndinkagwira pachipsera. Ndinkaopa kufa, ndinene mosabisa. Ndinkayang'ana Wezzie akusewera ndi zitini n'kumadzifunsa kuti adzamuluka tsitsi ndani. Kunyamuka ndekha ndikanatha, koma kuchidikiro, kumene amayi oyembekezera amakhala pachipatalapo, umafunika wokudikirira, chakudya ndi nkhuni, ndipo zonsezo amakonza ndi akuchimuna. Mlamu wanga Towera anandinong'oneza kuti iye ndi wokonzeka kundiperekeza, koma sangadumphe mawu a mlongo wake.

Nditabwerera kusikelo, a Margaret anadabwa kundiona.

"Mukadali kuno?"

Misozi inangotsika yokha. Ndinawauza za dzina, za kanema, za manyazi a amuna anga. Iwo ndi a ku Ntcheu, anabwera kuno ndi ntchito, koma sanaseke mwambo wathu. Anangopukusa mutu n'kunena kuti, "Mbewa ya manyazi inafera kuuna, amake Wezzie. Lamulungu mukaweruka kutchalitchi ndibwera. Musawauze kuti ndikudzawatsutsa, poti sindikudzawatsutsa. Ndikudzawaonetsa kanthu, aone okha."

Lamulungu masana anafikadi, ambulera m'manja. A Manase anawalandira bwino, anawapatsa mpando, ndipo moni asanathe n'komwe foni inali itatuluka kale. A Margaret anaonera kanema yense mwachidwi.

"Analankhula bwino," anatero.

"Mwaona? Auzeni anyina Wezzie awa."

"Analankhula bwino kwambiri. Nanga atatha kulankhula anavota bwanji, a wapampando?"

A Manase anaphethira. "Kuvota? Munthu walankhula chonchi angavote bwanji? Si zoonekeratu?"

"Tiyeni tione. Inenso ntchito yanga ili pomwepa, ndiye ndinafunsa akuluakulu athu a bungwe kuti munthu angadziwe bwanji. Anandionetsa ichi." A Margaret anatulutsa foni yawo. "Ku Mangalande, aphungu akasiyana maganizo pa nkhani, amadzuka n'kukadutsa pa makomo awiri. Lina ndi la ovomera, lina la okana. Aliyense akamadutsa dzina lake limalembedwa, ndipo mayinawo amawaika pa intaneti kuti aliyense aone, ngakhale ife tili pakhonde pano. Si chinsinsi. Dzina lawo lenileni ndi ndani?"

A Manase analitchula monyadira, chilembo ndi chilembo. Posakhalitsa nkhope ya a Mwiza inatulukira pafonipo, akumwetulira ngati tsiku la mbalagha lija. Pansi pake panali nkhani zimene anavotapo: za misonkho, za sukulu, za asilikali, za alendo olowa m'dziko lawo. A Margaret ankakankha ndi chala, nkhani zikubwerabe.

"Apa akuonetsa mbali imene iwo anavota, apa mbali imene chipani chawo chinavota. Muone ngati pali pamene pasiyana."

A Manase anafika folomu thuu, Chingerezi amachitola. Anatenga foni ija n'kuyamba kutsika nayo. Ine ndinali pamphasa, maso ali pankhope pawo. Anatsika, anatsika. Thukuta linayamba kuoneka pamphuno ngakhale kunali kamphepo.

"Sizikusiyana," anatero motsitsa. Kenaka anadzilimbitsa. "Koma izi ndi nkhani za kwawo. Pa nkhani yathu sangatero."

"Kanema wanuyo ali ndi tsiku lake pansi," anatero a Margaret. "Lifunefuneni pamenepo."

Anaika mafoni awiriwo pabondo, ina apa ina apa. Analipeza okha tsikulo. Ndinaona milomo yawo ikuwerenga popanda mawu, n'kubwerezanso. Tsiku lomwelo limene a Mwiza anatchula Karonga, madzulo ake kunali voti yochepetsa thandizo koyamba. Chipani chawo chinavomera. Iwonso anadutsa pa khomo la ovomera.

"Chaka chimenecho," anatero a Margaret mofatsa, "ndi chimene phala la ana a kusikelo linasiya kubwera."

"Ine ndinkati a bungwe adya," anatero a Manase. Mawu awo anali ngati a munthu wodwala malungo. "Ndinakalipira anthu osalakwa pamsonkhano."

Kunena zoona, ndinkaganiza kuti tsiku limeneli ndidzasangalala, ndidzati si ndinanena. Koma nditaona mmene mapewa awo anagwera, ndinawamvera chisoni.

"Ndiye kuti achimwene ndi abodza?" anafunsa.

"Sindinatero ayi," anayankha a Margaret. "Mwina amakukondanidi. Mwina tsiku limenelo mtima unkawapweteka. Koma phungu amalowa m'Nyumba ya Malamulo ndi chipani, ndipo chipani chili ndi akuluakulu ake osungitsa mwambo, amene amauza aphungu awo khomo loti adutse. Wokana akhoza kutaya udindo, kapena chipani osamuimikanso pachisankho. Alipo ena amene amakana ndithu pa nkhani imene yawakhudza, ndipo mbiri yawo imaonetsa kuti apa ndi apa anasiyana ndi anzawo. Awa sanasiyanepo. Kulankhula chipani chimawalola. Pa voti ndi pamene chimagwira dzanja."

"Munthu amasintha," anatero a Manase.

"Amasintha. Mwina ulendo uno asintha, ine sindine mneneri. Koma kumbukirani kuti amene anawasankha ali kwawo komweko. Inu simuwavotera, simungawachotse. Ndiye funso ndi ili, a wapampando: moyo wa amake Wezzie tiuike pa mawu akuti mwina?"

Nkhuku inadutsa pakati pathu koma palibe amene anaiingitsa.

"Ndi m'bale wanu," anapitiriza a Margaret, "ndipo m'bale amafunsidwa. Kufunsa si kutukwana. Koma musawafunse kuti mukutiganizira bwanji. Afunseni funso loti ayankhe eya kapena ayi: kodi mudzavota kukana kuchepetsa thandizoli, ngakhale chipani chanu chitavomera?"

A Manase anatumiza funsolo tsiku lomwelo, a Margaret akuwathandiza Chingerezi. Ndiye kudikira kunayamba. Foni ikangolira onse tinkadumpha, kupeza ndi uthenga wa kampani wotsatsa nyimbo. Miyendo yanga inali itatupa, msana ukuwawa, kumwamba kukungodabe. Tsiku lina ndinawalalatira kuti, "Mukudikira yankho la ku Mangalande, mwanayu akudikira yankho la ndani?" Nawonso chakudya chinali chitasiya kulowa.

Yankho linabwera m'mawa wina tikumwa tiyi. Anali mawu ojambula, a Mwiza eniake. A Manase anamvetsera kawiri, kenaka anayamba kundimasulira. A Mwiza anapereka moni kwa mudzi wonse. Anatchula Wezzie, anatchula malemu apongozi anga, anati sadzaiwala dzina limene anapatsidwa. Anati nthawi ndi zovuta, chuma cha dziko lawo sichili bwino. Anati mtima wawo uli ku Karonga, ndipo adzalankhula mwamphamvu ndi nduna.

"Nanga eya kapena ayi?" ndinafunsa.

A Manase anaseka, kuseka kopanda chimwemwe. Amuna angawa ndi thenga wodziwika kuno, munthu amene mabanja amamutuma kukakamba za ukwati ndi malowolo kwa makolo a mkazi. Ayenda m'makomo ambiri kuyambira Lupembe mpaka Chilumba.

"Anyina Wezzie," anatero, "ine ndikapita kukapempha mbeta, eni mwana akayamba kutamanda agogo anga, kufunsa za ng'ombe zathu, kudandaula za mvula, kundiwonjezera tiyi, ndimadziwa kuti ndibwerera chimanjamanja. Wovomera sachedwa. Amati tamva, bwerani tsiku lakuti. Mawu awa ndawamva kambirimbiri m'Chitumbuka, lero ndawamva m'Chingerezi."

Anayang'ana kumanda kumene kuli bambo awo. Kenaka anaimirira.

"Adada anawapatsa dzina. Sanawapatse moyo wa mkazi wanga. Mangani katundu, ndikukaitana Towera."

Tinanyamuka mawa lake pa ambulansi yomwe ija, imene inkapita pa boma kukatenga mankhwala. Madzi pakamtsinje anali m'mawondo. A Manase anatsala kuti aitanitse komiti. Ndinamva kwa Towera kuti pamsonkhanopo ananena zonse poyera, n'kupepesa a bungwe aja anawakalipira. Ena anawaseka kuti ubale wa mzungu watha. Iwo anati ubale sunathe, koma wasiya kuyendetsa ambulansi. Anauza amayi onse amene masiku awo anali pafupi kuti asadikire. Komiti inagwirizananso zopita kwa khansala ndi kwa phungu wathu wa konkuno kukapempha kuti boma liganizire dera lathu pa nkhani ya ambulansi. A Margaret anawalangiza kuti Nyumba ya Malamulo yathu ikamakumana azitsegula wailesi, amve ngati phunguyo akuitchula nkhaniyi, ndipo mayina akamaitanidwa pa voti amve mbali imene waima.

Kuchidikiro moyo ndi wa mphasa ndi mbaula, koma tulo ndinkagona. Sabata yachiwiri a Manase anaimba foni. Voti yachitika, thandizo lachepetsedwa. Anali atayang'ana okha pa tsamba lija.

"Analankhulanso bwino," anatero. "Khomo ndi lomwe lija."

Pasanapite nthawi ambulansi inaimikidwa, a bungwe anadzaitenga. Kenaka kunagwa chimvula chimene anthu akuchikambabe mpaka lero.

Matenda anandiyamba masana, ndikuchapa zitenje kuseri kwa chidikiro. Sikunali kupweteka kumene ndinkakudziwa. Kunali ngati wina wandiika khala la moto pachipsera pomwe. Ndinakuwa kuti, "Towera, ndafa ine!" Nditayang'ana pansi ndinaona magazi. Towera anathamanga, anamwino anabwera ndi kabedi ka matayala, ndipo zimene ndikukumbukira ndi denga likuthamanga pamwamba panga ndi mawu a munthu akuti fulumirani.

Nditatsitsimuka, Towera anali pambali panga, maso ali psuu, atanyamula kamwana kakamuna m'chitenje. Adokotala atabwera anandiuza kuti chipsera chinali chitayamba kale kutseguka.

"Mayi, mwachita bwino kukhala pafupi," anatero. "Izi zikanakupezani kumudzi kapena pamsewu, sitikanakhala tikulankhulana."

A Manase tsiku limenelo anali kutsidya. Towera atawaimbira anathamangira kukamtsinje, n'kupeza kadzaza mpaka m'minda, kakukokolola mitengo ya nthochi. Panalibe galimoto, njinga kapena munthu amene akanawoloka. Anakhala pagombe pomwepo mpaka dzuwa kupendeka, foni m'manja, akuyang'ana madzi amene ine ndikanayenera kudutsa. Anawoloka mawa lake, zovala atazimanga pamutu.

Analowa m'wodi matope ali mpaka m'ntchafu. Anaima patsinde pa bedi.

"Anyina Wezzie," anatero, "madzi aja ndawaona."

"Ndamva," ndinatero. "Kasambeni m'manja munyamule mwana wanu."

Tsono anzanga, nkhaniyi ndakufotokozerani kuti mutolepo ichi. Phungu, kaya wa ku Mangalande kaya wa konkuno, musamuyeze ndi mmene amalankhulira, mmene amavinira, kapena mmene amadyera nanu. Funsani kuti pa nkhani imene ikukukhudzani anavota bwanji, ndipo ngati anayamba wasiyanapo ndi chipani chake chifukwa cha anthu. Mufunseni funso loti ayankhe eya kapena ayi. Kutero si mwano, ndi ufulu wanu. Mukhoza kumukonda, kumulandira, ngakhale kumupatsa dzina, koma lonjezo lake lisakuletseni kuchita zimene a zaumoyo akuuzani lero. Ine ndikanadikira lonjezo, mwana amene ndikuyamwitsa panoyu akanakwiriridwa limodzi ndi ine.